Mwini Nyumba Sakhala Pansi

Valjevo, 22 Disembala 1987

Achemwali Zorka,

Ndikhulupirira muli bwino ku Vienna pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tili moyo, kungoti mlongo wanu wachita manyazi, ndipo ndi bwino mumvere kwa ine nkhani isanakupezeni itanenepa m'manja mwa azakhali Persa.

Ndinapita kumudzi ku slava yathu, phwando la woyera wa banja lathu, tsiku la Nikola Woyera. Nditalowa m'nyumba magalasi anga anachita nthunzi, ndipo ndinangoona munthu wandevu zofika pachifuwa, wovala zakuda, atakhala pansi pa chithunzi cha woyerayo. Mumtima ndinati ameneyu ndi mmonke wochokera kumapiri. Ine mphunzitsi wa jogalafe, amene kusukulu amandidziwa kuti sindiponda m'tchalitchi, ndinawerama n'kumupsompsona dzanja kuti ndikondweretse Bambo. Kenako azakhali anati, "Radoje, ameneyo ndi kondakitala wa basi wopuma ntchito. Ukanamupatsa tikiti, osati milomo."

Dzina lake ndi Jevrem, ndipo palibe amene akumudziwa. Akuti basi imene anakwera inatitimira m'chipale pamphambano, iye n'kuona utsi wa nyumba yathu, n'kugogoda. Mwambo mukuudziwa, pa slava sitibweza munthu pakhomo. Bambo anamukhazika pamalo aulemu.

Inali slava yoyamba popanda Amayi. Azakhali anaphika nsomba ndi nyemba, buledi wa slava anatuluka wopendekeka, ndipo tonse tinachita ngati sitikuona. Bambo anayatsa kandulo m'mawa n'kuimirira tsiku lonse kuthira kachasu wa mapulamu, poti mwini nyumba sakhala pansi kandulo ya woyera ikuyaka. Ndinawanong'oneza kuti Nikola Woyera sangadandaule munthu wa msinkhu wawo atapumirako pampando. Anandiyankha kuti zaka zonse zimene anagwira ntchito kusiteshoni sanachokepo pamalo awo sitima isanadutse.

Pamene ndinkathamangira basi mawa lake, kondakitala anali asanatsazike, akusenda mafupa a nsomba mwachifatse. Ndiuzeni ngati mubwera pa Khirisimasi, ndipo khofi amene munalonjeza uja tikumudikirabe.

Mlongo wanu,
Radoje

Krusevica, 12 Januwale 1988

Zorka, mwana wa achimwene anga,

Moni, ndipo upereke moni kwa amuna ako. Ine ndi msana womwewu. Ndikulembera iweyo chifukwa Radoje ndikamuuza kanthu amaseka ngati ndamuuza nthabwala, ndiwo maphunziro amenewo.

Munthu uja sanachoke. Khirisimasi yadutsa, wadya nafe nkhumba, ndipo akugona pabedi pako atafunda bulangete limene analuka malemu amayi ako. Slava imatha tsiku lachitatu, mwana aliyense akudziwa, koma bambo ako sanazimitse kandulo. Ikatsala pang'ono kutha amayatsirapo ina. Agula makandulo ambiri kutchalitchi mpaka wansembe wandifunsa ngati kwathu kwagwanso maliro. Pogona amaiimika m'beseni la mchenga n'kuisiya ikuyaka. Nyumba ija ndi yamatabwa, ndipo yanga ili pambali pake.

Ndiye poti kandulo ikuyaka, sakhala pansi. Amadya chilili, khofi chilili, miyendo yatupa ngati maungu. Chimene chandiopsa kwambiri n'choti ayamba kuyankhula okha. Ndinawamva m'khola akupatsa ng'ombe udzu, akuti, "Inu mukudziwa kuti Persa sindimumvetsa, koma ndiyesetsa." Ndinasuzumira, munali iwo ndi ng'ombe basi. Awa ndi achimwene anga omwe aja amene ankapita kutchalitchi pa ukwati ndi pa maliro pokha, n'kumaima pakhomo akusuta fodya.

Ine ndikuti wandevu uja ndi wa timipingo tija tolowa m'nyumba za anthu oferedwa. Amayamba ndi mapemphero, kumapeto nyumba yapita. Lachiwiri ndinamuona ndi maso angawa ataima pampanda kumunsi kwa munda wa mapulamu, akuyang'ana uku ndi uku ngati woyeza malire. Atandiona anabwerera msangamsanga.

Chitapo kanthu, mwana wanga. Kalatayi usamuonetse Radoje.

Azakhali ako,
Persa

Vienna, 23 Januwale 1988

Radoje,

Tili bwino, ana akupereka moni. Khofi ndatumiza kwa Bambo, iwe sunachite chilichonse choti ulandirirepo khofi.

Ndakuikira kalata ya azakhali muno, uiwerenge usanaseke. Iwe ukukhala pafupi ndi kumudzi, basi ilipo tsiku lililonse, koma nkhani ya Bambo ndikuimva ine amene ndili dziko lina. Unandilembera masamba awiri za dzanja la kondakitala, za miyendo ya Bambo mzere umodzi. Kapena ukuopa kukumananso naye poti unamupsompsona?

Ndine namwino, ndipo zimene azakhali akufotokoza ndimaziona m'chipatala muno. Munthu akaferedwa amayamba ndi kuyankhula yekha, kenako kuiwala moto, kenako kukhulupirira aliyense wobwera ndi mawu okoma. Ngati wandevuyo ndi wakuba, Bambo ali pangozi. Ngati si wakuba, ndiye kuti mutu wa Bambo wayamba kusokonekera, ndipo ali pangozi yomweyo.

Ndakambirana ndi alamu ako. Ana agona chipinda chimodzi, china chikhala cha Bambo. Ndidzawatenga chipale chikangosungunuka, ng'ombe ipite kwa azakhali. Ndawalembera kale. Koma iwe pita Loweruka lomwe lino, umuchotse munthuyo asanawasainitse pepala lililonse. Unditumizire mayankho, osati nthano.

Zorka

Krusevica, 1 Febuluwale 1988

Zorka, mwana wanga,

Moni. Khofi wafika, masokosi olimba aja afikanso, ndavala. Ng'ombe ili bwino. Denga la khola likudontha pakona, ndikonza.

Persa akuti ndimayankhula ndekha. Sindiyankhula ndekha. Ndimayankhula ndi Mulungu, ndipo sindikumvetsa chifukwa chake izi zikuopsa anthu omwewo amene akhala akundinena moyo wanga wonse kuti sindipemphera. Mapemphero a m'buku sindiwadziwa, amenewo ankawadziwa ndi amayi ako. Ine ndimangomuuza zimene zilipo. M'mawa ndimamuuza za miyendo, masana za ng'ombe, madzulo za iwe ndi Radoje. Za Radoje zimatenga nthawi.

Mlendo ndi mlendo wanga. Kandulo ndi yanga. Chipinda cha ana usachisokoneze, ine sindikwera sitima, ndaziona zokwana zikudutsa.

Unditumizire zithunzi za adzukulu, zimene ndili nazo akadali opanda mano.

Bambo ako,
Milisav

Valjevo, 9 Febuluwale 1988

Achemwali,

Moni kwa nonse. Ndachedwa, ndikudziwa. Loweruka loyamba msewu unatsekeka, komanso ndinali ndi chimfine chimene mwina chinali ndi ndevu. Loweruka lachiwiri ndinapita.

Azakhali sananame, zimene n'zodabwitsa pazokha. Ndinapeza Bambo ataimirira pafupi ndi mbaula, phewa atatsamira khoma ngati hatchi yogona chilili. Kandulo ili ngwee patebulo masana dzuwa likuwala. Jevrem anali pamalo ake aja, akudya chigumu ndi tchizi, atavala nsapato za m'nyumba za Bambo.

M'basi ndinali nditakonza mawu okhwima, okhala ndi malamulo, apolisi ndi dzina la mnzanga wa kukhoti amene kulibe. Ndinaitanira Jevrem kuseri, pa mulu wa nkhuni. Ndisanatsegule pakamwa anandigwira mkono wa jekete n'kuyang'ana kuzenera.

"Aphunzitsi, ndipulumutseni. Bambo anu sakundilola kupita."

Akuti anafuna kunyamuka tsiku lachiwiri, poti mwana wake wamkazi ku Nis ankamudikira pa Khirisimasi. Nthawi iliyonse akatsazika, Bambo amamuikira mbale ina patsogolo, ndipo mlendo wa pa slava sangasiye mbale yodzaza mwini nyumba ataimirira pambali pake. Kenako m'mawa wina majombo ake anasowa. Tsiku limene azakhali anamuona kumunsi kwa munda, akuti ankayang'ana ngati munthu angafike kumsewu ndi nsapato za m'nyumba.

Ndinamufunsa za mpingo wake. Anaseka mpaka kutsokomola. Ndevu anazisunga chifukwa kuntchito ankamukakamiza kumeta tsiku lililonse, ndipo chovala chakuda chija ndi chikhoto cha ukondakitala chochotsa mabatani. Ndinamuyesa pemphero la Atate Athu, anatitimira pakati ngati basi yake. Akuti zoyankhula ndi Mulungu za Bambo zimamuchititsa mantha iyenso, makamaka akamatchulidwa dzina.

Musafulumire kumumvera chisoni. Ndamva mabodza a ana a sukulu zaka zambiri, ndipo mkaidi uyu mimba yake yakula. Nditamufunsa chifukwa chake sanabwereke nsapato kwa oyandikana nawo, anakanda ndevu n'kuvomera kuti kwa mkamwini wake amadya ngati wakuba, pamene kuno amachita kumupempha kuti awonjezere. Anatumiza uthenga kwa mwana wake kudzera kwa wamakalata kuti asade nkhawa.

Majombo ndinawafuna m'khola, padenga ndi pansi pa mabedi, osawapeza. Nditafunsa Bambo anati nsapato za mlendo ndi nkhani ya mlendo, koma ananena akuyang'ana mbaula. Mukudziwa kuti Bambo akamanena zoona amakuyang'ana m'maso mpaka iweyo uyambe kupepesa.

Ndabwerako ndisakudziwa amene wagwira mnzake. Pepala silinasainidwe lililonse, zimenezo ndatsimikiza. Ndiuzeni maganizo anu.

Radoje

Vienna, 17 Febuluwale 1988

Radoje,

Moni. Kalata yako yafika pamodzi ndi ya Bambo, imene inayenda milungu iwiri.

Ukuganiza kuti wanditonthoza? Ngati wandevuyo akunena zoona ndiye zafika poipa. Bambo athu, amene anabweza kusitolo msomali umodzi wopitirira, akubisa nsapato za munthu. Ndipo akundilembera kuti amacheza ndi Mulungu za ng'ombe. Ine sinditsutsana ndi kupemphera, Amayi ankapemphera, koma ankapemphera n'kukhala pansi, n'kuzimitsa moto.

Tchuthi ndapempha kale. Ndifika pa 5 Malichi ndi sutikesi yopanda kanthu. Ndikadzapeza kandulo ija ikuyakabe, kapena munthu uja ali pabedi panga, Bambo akwera nane sitima, alire asalire. Uwauze zimenezi ndi pakamwa pako, ndipo usazikometse.

Zorka

Valjevo, 29 Febuluwale 1988

Achemwali,

Moni kwa inu, alamu ndi ana. Sutikesi ija mubwere nayo, koma yodzaza khofi, chifukwa ibwerera yopanda Bambo. Werengani mpaka kumapeto musanandikalipire.

Ndinafika Loweruka masana. Nyengo yosala ya Pasaka yayamba, patebulo pali nyemba zopanda mafuta, ndipo chikondi cha Jevrem pa mwana wake wa ku Nis chakula modabwitsa. Anandilandira pachipata ngati ndine basi.

Bambo ndinawapeza m'munda akudulira mapulamu. Ndinawauza mawu anu monga munalembera, osakometsa. Anadula nthambi zingapo, kenako anandipatsa mpeni kuti ndigwire n'kuyamba kufotokoza, maso ali pamtengo.

Akuti Amayi atamwalira, iwo ankangokhala pampando wa pazenera uja kuyang'ana khoma, kuyambira m'mawa mpaka ng'ombe italira. Tsiku la slava linali loyamba kuimirira ndi chifukwa. Tsiku lachitatu alendo onse atapita, kutatsala Jevrem yekha, anatenga vinyo kuti azimitsire kandulo monga mwa mwambo. Pamenepo anaona mpando uja ukuwadikira.

"Ndinati, Inu, ngati mulipo, tadikirani pang'ono. Ndinali ndisanamuyankhulepo chibadwire. Ndiye ndinaika vinyo pansi n'kumuuza za amayi ako. Mawa lake ndinamuuza zina. Ndikamatumikira patebulo mawu amabwera okha."

Ndinawafunsa kuti nanga kondakitala akulowapo bwanji. Anati slava siitha mlendo womaliza asanapite, ndipo slava ikatha kandulo imazima, mwini nyumba n'kukhala pansi.

"Ndikuopa, Radoje. Ndikakhala pansi mwina Iye anyamuka ngati alendo ena onse."

Achemwali, kukoleji sanatiphunzitse choyankha pamenepa. Ndinayankha zimene ndikudziwa, za jogalafe. Ndinawauza kuti m'nyumba zosanja za ku Vienna salola kandulo kuyaka munthu ali mtulo, ndipo inuyo mudzawakhazika pansi ndi dzanja limodzi. Ngati Mulungu wawo amakhalira kandulo, ndiye adzamutaya ndithu pa 5 Malichi. Kuli bwino ayese kuno, pakhomo pawo, adziwe.

Anati akamufunse kaye Mulunguyo. Analowa m'khola, ine n'kutsala ndi mpeni m'manja ngati mwana amene bambo ake alowa mu ofesi ya mkulu wa sukulu. Atatuluka ndinafunsa kuti wati chiyani.

"Sayankha ngati wailesi, iwe. Koma ndachita manyazi ndisanamalize funso. Munthu wabisa majombo a mnzake n'kumati ndikucheza ndi Mulungu."

Majombo anali mumphika wotcherera kachasu, malo okhawo amene sindinayang'ane. Bambo anawapaka mafuta okha n'kukawapereka kwa Jevrem ndi manja awiri, n'kupepesa. Jevrem anawanunkhiza n'kunena kuti sanakhalepo ndi nsapato zonunkhira bwino chonchi.

Lamlungu masana tinaitana azakhali kuti akhale mboni, poti inu mawu anga simuwakhulupirira. Bambo anatunga vinyo ndi sipuni n'kuthira pachingwe cha kandulo. Inangoti tsii, kautsi n'kukwera kupita pachithunzi cha Nikola Woyera. Kapu ya vinyo inazungulira, aliyense n'kupsontha. Kenako Bambo anakoka mpando wa pazenera uja n'kuima dzanja lili pamsana pake. Anaima choncho mpaka azakhali anatsegula pakamwa, ine n'kuwaponda phazi. Bambo ankanong'ona ndi Mulungu wawo. Kenako anakhala pansi, maondo n'kulira ngati nkhuni zouma.

Palibe chinagwa kuchokera kumwamba. Azakhali anabweretsa beseni la madzi ofunda n'kuwaviika miyendo, akung'ung'udza kuti akanafunsa iwo akanawauza kalekale.

Apa ndiye mkaidi wathu anataya changu chonse. Majombo atavala, anakhalanso pansi kuti amwe khofi wapaulendo. Atamaliza anakumbukira nkhani ya mmene basi yake inagwera mumtsinje chaka china, ndipo nkhaniyo inafuna khofi wina. Anatsazika, n'kufika pakhomo, n'kubwerera kudzafunsa ngati basi ya Lolemba si yabwino kuposa ya Lamlungu. Anauza Bambo kuti kwa mkamwini palibe amene adzamuimirire pambali akamadya. Bambo anamuuza kuti pa Nikola Woyera wa chaka chino malo ake adzawapeza, koma masiku atatu okha. Azakhali ananyamula chikwama chake okha, atachipimapima m'manja ngati akumva kulira kwa masipuni athu, n'kukachiika kunja kwa chipata.

Atatsazika aliyense kachiwiri, anatambasulira dzanja kwa ine, chikhatho choyang'ana pansi.

"Aphunzitsi, simupsompsonanso?"

Ndinamuuza kuti basi siidikira munthu, iye n'kuti zimenezo wakhala akuuza anthu moyo wake wonse. Anatuluka, n'kubwereranso kudzatenga chipewa chimene chinali pa msomali, kenako azakhali n'kumutsekera chipata kumbuyo.

Ndinatsala m'nyumba ndi Bambo. Anali pampando, miyendo m'beseni, koma sankayang'ana khoma. Ankayang'ana pazenera mmene chikhoto chakuda chija chinkatsetserekera kumsewu, chikuima, chikucheuka, chikupitanso. Chitazimiririka kuseri kwa munda wa mapulamu, Bambo anapumira m'mwamba n'kumvetsera kanthawi, mutu atapendeketsa.

"Wapita," anatero motsitsa. "Tatsala awiri. Tsono Inu, za denga la khola lija, ndimati ndikuuzeni."

Ine ndinali nditaimirira pomwepo, achemwali, pafupi ndi mbaula, jekete m'manja. Sanandiwerengere.

Mlongo wanu,
Radoje